Mpikisano wa Njinga Womwe Ndinkaonerera Amayi

Ndinaganiza zochoka ku Milange tsiku lomwe fabrika ya tiyi inatibweza pachipata kachitatu m'mwezi umodzi. Eni ake anali atathawa ufulu utangobwera, makina ankangofa osakonzedwa, ndipo ife tinkapita kukalembetsa maina n'kubwerera chimanjamanja. Mlembi wa chipani atalengeza kuti boma likufuna anyamata odziwa Chipwitikizi oti akagwire ntchito ku Jeremani ya kum'mawa, ndinakweza dzanja ndisanafunse aliyense kunyumba.

Amayi sanandiletse. Bambo anali atamwalira kale, ndiye pakhomo tinalipo atatu: iwo, mkulu wanga Domingo ndi ine. Anangoti, "Alberto, ine kulemba sindidziwa, koma mkulu wakoyu dzanja ali nalo. Ine ndizinena, iye azilemba. Iwenso usamandibisire kanthu." Domingo anaseka n'kunena kuti wapeza ntchito ya ulembi yopanda malipiro.

Ku Jeremani anandiika pa makina osokera nsalu zokutira mipando. Ntchito sinkandivuta. Chinkandipweteka ndi Lamlungu. Kwathu Lamlungu munthu umachoka ku Misa n'kuima pamsewu mpaka miyendo kuwawa, uku ukupereka moni kwa mudzi wonse. Kumeneko ndinkakhala pabedi m'chipinda cha anthu anayi, kuyang'ana chipale chofewa pawindo, anzanga a ku Gaza, kumwera kwa dziko lathu, akucheza m'chilankhulo chawo. Ndinkatha sabata yathunthu osatulutsa liwu limodzi la Chinyanja, moti nthawi zina ndinkadzipatsa ndekha moni m'bafa.

Mwezi wa Meyi utafika, fabrika yonse inapenga. Nthawi yopuma anthu ankathamangira kuchipinda chodyera komwe kunali televizau, kukaonera mpikisano wa njinga wodutsa m'maiko atatu. Ndinapita nawo tsiku limodzi ndipo ndinatsala pang'ono kugona. Anthu ambirimbiri atawerama pa tinjinga topanda kaliyala, kupalasa kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, palibe wanyamula ngakhale nkhuku. Kwathu njinga imachoka ku Molumbo ndi matumba awiri a nyemba, kapena ndi mayi wa pakati wopita kuchipatala. Awa ankathamangira chiyani?

Amene ananditsegula maso ndi Horst, mdala wa makina oyandikana ndi anga. Anatenga timabotolo ta mchere n'kutindandalika patebulo. Wakutsogolo, iye anati, ndiye amadya mphepo yonse, am'mbuyo amapuma. Gulu lililonse lili ndi mtsogoleri mmodzi woti apambane, enawo ntchito yawo n'kumutchingira mphepo. Kenako analoza pa televizau munthu wina wamfupi, wa mphuno yopindika, amene anabwerera m'mbuyo mpaka kugalimoto, n'kulonga mabotolo a madzi m'malaya mpaka kuoneka ngati wa linunda, kenako n'kupalasa mwamphamvu kukagawira anzake. Ndinafunsa ngati ameneyo amapambanako. Horst anapukusa mutu. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi munthu wanga mumpikisanomo.

Ndinawalembera Amayi zonsezi. Yankho lawo ndimalikumbukira mpaka lero: "Amuna akuluakulu, ndevu pepeya, kuthamangitsana tsiku lonse. Kodi alibe minda?" Ndinaseka ndekha mpaka anzanga a m'chipinda anaganiza kuti zandisokonekera.

Masiku ano ndikamadutsa pa bala ina kuno ku vila, tauni yathu ya Milange, anyamata akamasinthasintha matchanelo n'kugwera pa njinga, amandiitana chifukwa amadziwa komwe ndinakhala. "Tiyu Alberto, zimenezi zimakomadi kuonera?" Ndimawauza zoona. Ukangoona miyendo, n'zotopetsa kuposa kudikira basi ya ku Majaua. Ukadziwa amene akudzipha chifukwa cha mnzake, sungachotse maso. Koma pampando sindikhala, ndimapitiriza ulendo wanga.

Nkhondo itafika ku Milange makalata anasiya kubwera kwa miyezi yambiri. Ndinkapita kuntchito ngati mtembo woyenda. Kenako inafika kalata ya sitampa ya ku Malawi. Anali atawoloka malire, akukhala kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Muloza, onse ali moyo, ndipo Domingo anali atakwatira mtsikana wina dzina lake Rosa. Ndinagwada pansi pomwepo. Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe ndinkapeza chinkapita mu phukusi: sopo, zitenje, nsapato, mankhwala opaka miyendo ya Amayi, ndi juzi yobiriwira yomwe ndinaisankha kwa ola lathunthu chifukwa kunsi kwa phiri la Mulanje kumazizira mu Juni.

Makalata a Amayi anayamba kutalika. Anasiya kunyoza za minda zija, anayamba kufunsa. Kodi wotunga madzi uja akadalipo? Akagwa, anzake amamudikira? Nanga mtsogoleri akapambana, amamugawirako? Ndinkati m'mtima, Amayi asowa chochita kumsasa, nkhani zangazi ndizo zikuwachotsa maganizo. Ndinagula kabuku. Meyi aliyense ndinkakhala kutsogolo penipeni pa televizau, kulemba yemwe wagwa, yemwe wathawa gulu pa chitunda, mvula yomwe yawapeza pamsewu wa miyala. Ajeremani ankandiseka kuti ndine mtolankhani wa ku Africa. Tsiku lina wotunga madzi wanga anapatsa mtsogoleri wake gudumu la njinga yake, iye n'kutsala chiimire m'mbali mwa msewu. Ndinalemba masamba anayi. Yankho linati, "Ameneyo ndiye munthu. Ndalira naye." Kalata imeneyo ndinkaisunga m'thumba la malaya, ndipo kusungulumwa kukandigwira ndinkaiwerenga ndikumva mawu a Amayi m'khutu.

Khoma la ku Berlin litagwa fabrika inatitaya, tinakwezedwa ndege kubwerera. Kuchokera ku Quelimane ndinakwera lole yoyenda pamodzi ndi asilikali. Vila ndinaipeza yopanda madenga, koma anthu anali atayamba kubwerera, ndipo anandilozera kanyumba ka udzu komwe Domingo anamanga pamalo athu akale.

Pakhomo panali mayi wamng'ono akusankha nyemba, atavala juzi yobiriwira. Ndinaidziwa ndisanamudziwe iye. Tinapatsana moni, ndipo nditafunsa kuti Amayi ali kuti, Rosa anayang'ana pansi n'kupita kuseri kukaitana mwamuna wake.

Domingo anabwera ali ndi khasu m'manja. Sanandikumbatire. Anati, "Khala pansi, Alberto."

Amayi anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba patangopita miyezi yochepa chiwolokereni malire. Mvula ya dzinja inali itagwa zaka zinayi pamanda awo. Ndinawerenga ndi zala ngati mwana, ndipo ndinapeza kuti Meyi anayi ndinakhala pa televizau ndi kabuku kanga, kulembera munthu wakufa. Abale onse anameta tsitsi, Misa inachitika, ine ndekha mwana wawo womaliza ndinali kuwomba m'manja ndi Ajeremani.

"Achimwene, makalata aja ankalemba ndani?"

"Dzanja unkalidziwa."

"Sindikufunsa dzanja. Mawu aja anali a ndani?"

Anakanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Amalume anati tikuuze, ine ndinakana. Ukanabwera, akanakugwira usilikali usanatuluke pabwalo la ndege. Komanso ndisakunamize, sopo ndi nsapato zija ndizo zinkatidyetsa kumsasa kuja."

"Mukanapempha m'dzina lanu. Ndikanakana?"

Ine za sopo sindinadandaule, ngakhale juzi ndinamusiyira Rosa ndi mtima umodzi. Chomwe chinandiwawa, ndipo chimandiwawabe, n'chakuti anandibera maliro a mayi anga n'kundipatsa mayi wabodza woti ndizicheza naye. Ndinatulutsa kalata ija m'thumba, ya "ndalira naye", n'kumuonetsa. Anangoiyang'ana kamodzi n'kugwedeza mutu kuti inde, nayonso. Kwathu komwe ndinkakulakalaka zaka zonsezo kunali kutaphunzira kukhala popanda ine, ndipo kunandisunga kutali dala chifukwa kutaliko ndiko ndinali ndi ntchito.

M'mawa mwake ndinati andionetse manda. Kumandako ndi tsidya la Malawi, mtunda wautali ndithu, ndiye anabwereka njinga kwa mnzake n'kundikweza pa kaliyala. Tinadutsa minda ya tiyi itasanduka tchire. Msana wake unali utanyowa thukuta, mafupa a m'mapewa akuonekera m'malaya, ndipo pa chitunda chilichonse ankaimirira pa mapedulo osandiuza kuti nditsike. Titayandikira mtsinje wa pamalire anachepetsa liwiro, n'kulankhula osatembenuka.

"Kalata yako yomaliza sinafike. Wotunga madzi uja, chaka chathachi anapambanako?"

Anafunsa ndi mtima wonse, ngati munthu amene wadikira yankho chaka chathunthu. Ndinamuuza kuti aime. Ndinatsika, ndipo mtunda wotsalawo ndinayenda pansi, iye akukankha njinga pambuyo panga mpaka kumanda.