Mawu Anga Atasasa, Nabanda Ankandilandira Nyimbo

Chizindikiro choyamba chinali kusasa kwa mawu, nthawi yokumba mtedza, zaka ziwiri zapitazo. Tinali ku Sinda, pabwalo la mpira, tikuimba kuti anthu apereke zitenje, sopo ndi ufa zothandizira nyumba imene amayi oyembekezera amadikiriramo tsiku lawo. Ndili pakati pa nyimbo yachitatu, mawu anangoduka pamwamba penipeni. Ndinagwira mfundo ya duku langa, Nabanda nkuilandira nyimboyo, ndipo anthu sanadziwe kanthu.

Ndifotokoze za dukulo. Gulu lathu ndi la amayi asanu ndi awiri a ku Katete, ena oimba, ena a ng'oma ndi maseche, mmodzi wa gitala. Timaimba m'makonsati othandiza amayi anzathu, amasiye ndi oyembekezera, ndipo zimene anthu apereka timazisiya komweko. Ine ndinali woyambitsa nyimbo kwa zaka zambiri, Nabanda wachiwiri wanga. Lamulo lathu linali limodzi, lakuti nyimbo siigwa pansi anthu akuona. Woyambitsa akamva kuti mpweya wamuthera kapena mawu akukana, amagwira mfundo ya duku, mnzake nkupitiriza mzerewo osadumpha ngakhale kugunda kumodzi kwa ng'oma. Tinkanyadira zimenezi, ndipo amene anaphunzitsa anzanga ndine ndemwe.

Kusasa mawu si nkhani kwa woimba. Ndinamwa jinja wa mandimu, ndinanyambita uchi, ndinameza dzira laliwisi monga timachitira tonse. Chifuwa chitayamba ndinati ndi fumbi la mumsewu, poti timakwera kumbuyo kwa lole pamodzi ndi ng'oma. Nyengo yozizira ndinati ndi mphepo. Wa gitala anatsitsa nyimbo zonse kuti ndizifikira, osandifunsa, ine osamufunsa chifukwa chake. Pofika nyengo yotentha ndinkangoyamba mzere woyamba, dzanja lili kale pa duku, zotsalazo ankaimba Nabanda.

Zina ndinkazidziwa ndekha. Ndinkadzuka m'mawa malaya atanyowa ndi thukuta. Chitenje chinayamba kundizungulira mopitirira. Kumeza kunkapweteka, ngakhale phala lenileni. Koma chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi ichi: pakati pa konsati iliyonse ndinkatenga maikolofoni nkumauza amayi kuti asamabise matenda, azipita kuchipatala msanga. Ndinkanena ndi mawu omwewo osasawo, iwo nkumawomba m'manja. Pakamwa ndiye ndili napo, sindikana.

Mvula yoyamba itagwa tinapita ku Vubwi. Ng'oma zinayamba, ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu koma mpweya. Nabanda analandira nyimbo ndisanagwire nkomwe duku. Ndinapita kuseri kwa lole, ndinakhosomola, ndipo pa kansalu kanga panali magazi pang'ono. Anesi achikulire amene amayang'anira nyumba ya amayi oyembekezera kumeneko anali atanditsatira. Anandifunsa kuti, “Amayi, chifuwa chimenechi chatha masabata angati?” Ndinawaonetsa zala zisanu ndi chimodzi. Anati asanu ndi limodzi ndi ambiri. Ndinanong'ona kuti ndikunena miyezi. Sanandikalipire, anangondipatsa kabotolo nkunena kuti mawa m'mawa ndilavulire makhololo mmenemo ndipite nako kukiliniki.

Zotsatira zinabwera patapita masiku ochepa. Chinali chifuwa chachikulu, ndipo chinali chitakwera mpaka pammero. Ananditumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anandijambula pachifuwa, anayeza magazi, kenaka dokotala analowetsa kachida kokhala ndi nyale kukhosi kwanga. Anati pamene pamatuluka mawu patupa ndipo pali zilonda. Ndinalemba papepala kumufunsa ngati ndidzaimbanso. Anati, “Matendawa amachira mukamamwa mankhwala osadumphitsa. Za mawu sindingakulonjezeni. Mukanabwera chifuwa chitangoyamba, sichikanafika pamenepa.”

Sindinalire. Anthu amafuna kumva kuti ndinalira kapena ndinapemphera kwambiri, koma zoona zake n'zakuti sindinamve kalikonse. Ndinapinda pepalalo, ndinaliika m'chikwama, ndinafunsa ndi manja kumene kuli wodi.

Ndinagonekedwa milungu iwiri chifukwa sindinkatha kudya. Masiku akuchipatala amafanana onse. M'mawa kuyeza kutentha kwa thupi, kenaka mapiritsi m'mimba mulibe kanthu, anesi ataima pompo mpaka umeze. Kenaka phala. Kenaka kudikira dokotala. Mazenera sankatsekedwa, ndipo aliyense wobwera kudzationa ankavala masiki. Mkodzo unasanduka wofiirira, anesi anati ndi mankhwala, ndisaope. Anandiletsa kulankhula, ngakhale kunong'ona, kuti pakhosi papume. Ndinkagona chagada nkumawerenga mizere ya padenga, ndikamaliza ndinkayambanso. Mayi wa pabedi loyandikana nane anali ndi wailesi, ndipo pakamveka nyimbo, kwa ine linkangokhala phokoso basi.

Anzanga onse anaitanidwa kukayezetsa, popeza tinkapumira m'maikolofoni imodzi ndi kugona chipinda chimodzi tikakhala paulendo. Onse anapezeka alibe. Anawauza kuti aliyense akadzayamba kukhosomola abwerenso. Nabanda anabwera kudzandiona atanyamula nthochi, nkukhala pamphepete pa bedi. Sindinamukwiyire. Iye ankangochita zimene ndinamuphunzitsa.

Nditatuluka ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lokatenga ndinkalawirira, kukhala pabenchi ndi khadi langa m'manja, kukwera pasikelo, kupereka makhololo akafunika, nkubwerera. Miyezi yoyamba mawondo ankaphwanya ndipo nseru sinkatha m'mawa. Ndinkalankhula ndi anthu a m'nyumba mwanga pogogoda patebulo ndi kuloza. Gulu linapitiriza kuimba, Nabanda akuyambitsa. Akamabwerera ankandiuza zimene anthu apereka ndi kumene zapita, ine nkumangogwedeza mutu. Sindinkawachitira nsanje, komanso sindinkasangalala nawo. Mumtima munali zii, ngati ndiwo zopanda mchere.

Mankhwala atatha anandiyezanso nkunena kuti ndachira. Thupi linabwerera, chitenje chinayambanso kukwana. Mawu anabwera pang'onopang'ono, koma si aja ayi. Ndi otsika, okhakhala, ndipo pamwamba safikapo. Dokotala anati zilonda zinasiya zipsera, ndipo zipserazo sizichoka. Tsiku limenelo ndinakwera minibasi, ndinatsika pamsika, ndinagula tomato, ndinapita kunyumba.

Ndinabwerera m'gulu ngati woyankha, kuima kumbuyo kwa Nabanda. M'nyimbo zotsika ndine ndinali womulandira.

Chaka chatha, nthawi yogulitsa thonje, ndinayamba kumumva akukhosomola pophunzira nyimbo. Sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu. M'chikwama chake munkanunkhira jinja. Ndinamuuza kuti apite kukiliniki, iye anati, “Naphiri, ndi fumbi chabe, ndipita tikamaliza konsati ya ku Sinda.” Itatha ya ku Sinda anati tikamaliza ya amayi amasiye. Ndinazindikira mawu amenewo, chifukwa anali anga.

Konsati ya amasiyeyo inachitikira mu holo ya tchalitchi ku Katete, masana, anthu atadzaza mpaka m'mazenera. Pa nyimbo yachiwiri mawu a Nabanda anagwedera, ndipo anakweza dzanja nkugwira mfundo ya duku. Mzerewo ndinkaudziwa, unali wotsika, ndikanautha bwinobwino. Ndinatseka pakamwa. Ng'oma zinapitirira zokha, wa gitala anandiyang'ana, Nabanda anagwiranso duku kachiwiri. Ine chilili, manja kumbuyo. Kenaka anakhosomola m'maikolofoni, holo yonse inamva, ndipo nyimbo inagwa pansi anthu akuona, koyamba chiyambire gulu lathu.

M'mawa mwake ndinafika pakhomo pa Nabanda nditavala zapaulendo, ndipo anatuluka nkhope ili gwa. Njira yonse ya kukiliniki ananena mawu amodzi okha, akuti ndamuchititsa manyazi pamaso pa apongozi ake. Ndinavomera kuti n'zoona.

Anamupeza nacho chifuwa chachikulu, koma chisanafike pammero. Sanagonekedwe. Anamwa mankhwala ake miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndinkamuperekeza pabenchi lomwe lija. Pamenepo ndi pamene ndinalira, tsiku lina tikudikira sikelo, popanda chifukwa chooneka, mpaka iye wodwalayo ndi amene anandigwira dzanja.

Lero ndili bwino. Ndimadya, ndimalima, ndimayenda wapansi kupita kumsika osapuma panjira. Lamulo la duku tidakali nalo, koma tinawonjezera lina: amene walandiridwa nyimbo makonsati awiri otsatizana saimanso kutsogolo mpaka ataonetsa khadi la kukiliniki. Kwa inu amene mukuwerenga, chifuwa chikatha milungu iwiri, kapena mawu akasasa osabwerera, pitani mukayezetse, musadikire kuti ntchito ithe kaye. Ndipo ngati mnzanu akudwala, musamubisire pomugwirira ntchito yake mwakachetechete.

Nabanda akuyambitsabe nyimbo, ndipo pamwamba paja pamene mawu anga anadukira ku Sinda amafikapo mosavuta. Ine ndimaima kumbuyo kwake nkumayankha ndi mawu amene ananditsalira.