Loweruka Masana kwa a Mayumi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anthu a pa Dedza Boma anayamba kutisala. Bambo anga, amene anali kalaliki, anatengedwa m'mawa wina ndi amuna atatu a pa galimoto ya Landirova, ati chifukwa cha mawu amene analankhula pamowa. Kuyambira tsikulo, opempha mchere anasiya kufika pakhomo pathu. Kusukulu, mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi anasamuka, ine n'kutsala ndi desiki yonse ndekha ngati mfumu. Ufumu wake unali wozizira, makamaka mu Juni nkhungu ikatsika m'phiri.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatipatsabe moni: a Mayumi, mayi wa ku Japan amene ankagwira ntchito kuchipatala. Sikuti anali olimba mtima ayi, sankadziwa chabe kuti ife ndi anthu oopedwa. Tsiku lina akugula mbatata ya kachewere kwa amayi pamsika, anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa chawo chotsimphina, "Enelesi, Loweruka bwera. Ine ndekha, iwenso wekha."

M'nyumba mwawo munali vidiyo, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, ndi makaseti asanu ndi atatu a makatuni a kwawo amene mlongo wawo anawatumizira. Loweruka lililonse masana tinkaonera kaseti imodzi, titafunda bulangeti limodzi, tikumwa tiyi wobiriwira wopanda shuga amene ine ndinkangomeza chifukwa cha ulemu.

Makatuniwo sanali a ana. Inali nkhondo ya kumwamba, pakati pa nyenyezi. Zombo zazikulu kuposa phiri la Dedza zinkalasana ndi moto n'kumaphulika mumdima. Panali nkhalamba yolamulira maiko ambirimbiri, imene ikangolowa m'bwalo nduna zonse zinkaimirira n'kuwomba m'manja. Panalinso mtsikana wa tsitsi lofiira, woyendetsa chombo chankhondo, amene anakondana ndi msilikali wa mbali ya adani. Bambo ake a mtsikanayo anali nduna, ndipo atanena kuti nkhondo ithe, anakawatsekera ku mwezi wa madzi oundana. Chijapani sindinkachimva, a Mayumi ankandimasulira mwa apo ndi apo, koma pamenepo sipanafunike womasulira. Ndinalira mpaka mamina, iwo n'kundipatsa kampango osafunsa kanthu.

Chimene chinandipweteketsa ndi pakamwa panga pomwe. Njala yofuna anzanga inali itandikwana. Tsiku lina pa buleki ndinayamba kufotokozera mtsikana mmodzi za zombo zija. Anabwera wachiwiri, kenako gulu. Kwa masiku atatu ndinali munthu. Mpaka anandigawirako chigumu! Ndinkathira mchere nkhaniyo, kuwonjezera ndi zanga zomwe, ndipo tsiku lachitatu, mutu utakula, ndinati, "Nkhalamba ijatu amangoiwombera m'manja chifukwa cha mantha. Ine ndikuona kuti pa kaseti yomaliza ifa basi."

Maligirita, mwana wa tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anaimirira, n'kukutumula diresi lake, n'kumapita. Ena onse anamutsatira mmodzimmodzi.

M'mawa mwake aphunzitsi athu, a Mbewe, amene sankakonda kukwapula, anandiitanira kutsogolo. Anayamba atsekula mawindo onse, kenako anandithira zikoti zisanu ndi chimodzi, akukuwa kuti amve ndi a m'makalasi ena. "Mwana wopusa iwe! Nkhani za zidole zojambula za ku Japan ukuzibweretsa pasukulu? Zidole! Mwamva nonse? Zinali zidole!" Ndinawada zaka zambiri. Ndinadzamvetsa nditakula kuti mlandu umene wathera pa chikoti cha aphunzitsi sukafikanso kwa achipani.

Amayi sanandimenye. Anangondikhazika pansi n'kulankhula monong'ona, ngakhale m'nyumbamo tinali awiriwiri. "Bambo ako anapita. Ukufuna inenso ndipite? Kwa mayi wa ku Japan uja usakapondekonso. Ngakhale moni, wamva?"

Apo n'kuti titafika pa kaseti yachisanu ndi chimodzi.

Loweruka lotsatira sindinapite. Lachiwiri lake ndinakumana ndi a Mayumi panjira ya kuchipatala, akukankha njinga yawo. Atandiona anamwetulira mano onse kunja. "Enelesi! Wadwala? Ine ndinapanga tiyi, ndinadikira." Mumsewu munali anthu. Ndinayang'ana mitengo ya paini ya kutsidya n'kuwadutsa ngati ndikudutsa chitsa. Anaitananso kamodzi, motsitsa mawu. Sindinacheuke. Nditafika kunyumba ndinakabisala kuseri kwa khitchini n'kulira, koma kulirako iwo sanakuone.

A Mayumi anakhala pa Dedza miyezi ina inayi. Tikakumana ankaweramitsa mutu monga mwa mwambo wa kwawo, ine n'kuyang'ana pansi. Mbatata anayamba kukagula kwa ena, mwina poganiza kuti anatilakwira. Kenako ndinangomva kuti anabwerera kwawo.

Bambo anabwera patapita zaka zitatu, ataonda, mano awiri palibe. Anthu anadzaza pakhomo kudzawalonjera, ena mwa iwo omwe aja ankatizemba pamsika. Ndinkafuna kuwapirikitsa ndi tsache, koma bambo anawayalira mphasa. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, poti ndinadziwa kuti ndilibe pakamwa powadzudzulira.

Lero ndikumvetsa kuti mantha sadalira anthu oipa mtima kuti agwire ntchito yake. Ngakhale mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri amene amakukonda ndi mtima wonse amakwanira. Ifeyo tinkadziwa chifukwa chimene anthu anatisalira. A Mayumi anakwera ndege osadziwa chimene analakwa, chonsecho sanalakwe kanthu. Keyala yawo ndilibe, ndipo ngakhale dzina la bambo awo sindinawafunse.