Mbendera ya Kakowa

M'sutikesi ya mayi, pansi pa zitenje za kumpingo, muli kansalu kamene kale kanali kabuluu. Tsopano kakuoneka ngati phulusa. Pakati pake pali kakowa woyera, wodulidwa ku shati yakale n'kusokedwa pamanja, mwendo umodzi wautali kuposa unzake. Ndikakanunkhiza ndimamvabe matope a m'nyanja ya Chilwa ndi utsi wa matemba. Iyi inali mbendera ya boti la malume, ndipo anaisoka ndi achemwali anga.

Ife tinkakhala ku Nkhulambe, kumene munthu amadziwa chinangwa ndi nandolo, osati madzi. Koma chaka chimene nyanja inayamba kuuma, ine ndili Sitandade 6, mayi ananditenga pa tchuthi kukakhala kudoko kwa malume. Achemwali anakwatiwa ndi msodzi wa kuchilumba, ndipo anali oyembekezera koyamba. Pangano linali lakuti masiku akayandikira, malume akawatenge kuti adzachirire kuchipatala cha kumtunda kuno. Mayi sankakwera boti. Bwato linawagubuduza ali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo madzi ankangowaonera patali.

Padoko panali maboti angapo onyamula anthu, koma panalibe ankatchula mayina olembedwa m'mbali mwake, poti owerenga anali ochepa. Munthu ankangoti, "Ndikwera la mlamba," wina, "Ine ndikudikira la njinga." Boti lililonse linali ndi kambendera ka dziko kutsogolo, ndipo kumbuyo, pansungwi, mbendera yakeyake. Zipani zinali zitangochuluka kumene, ndipo ena anatsitsa zizindikiro zawo n'kukweza nsalu za zipani. Malume anakana. "Kakowa sagula khadi," ankatero. "Amanyamula aliyense."

Ine ndinali mwana wa malamulo. Kusukulu kwathu ndine ndinkakweza ndi kutsitsa mbendera, ndipo mawu a aphunzitsi ndinawasunga ngati vesi: "Mbendera sigwa pansi, sinyowa ndi mvula, sing'ambika inu mukuona." Aphunzitsi omwewo ndi amene anatiuza kuti tizilemba m'kope zimene taona tsiku lililonse. Anzanga analeka sabata yoyamba, ine ndinapitiriza. N'chifukwa chake malume ankanditchula kuti akalaliki. "Akalaliki, lembani kuti lero mlamu wanu wina wakwera ndi mbuzi, ndipo mbuziyo ndi imene inali ndi ulemu."

Tsiku lina ananditenga kukaona achemwali. Ndinawapeza pakhonde, mapazi atatupa, akuseka monga mwa masiku onse. Anandiluka tsitsi n'kulimanga ndi kansalu kofiira kong'amba ku chitenje chawo. Malume atawauza kuti madzi akuthawa, ndi bwino anyamuke lero lomwe, iwo anakana. Anati padakali mwezi wathunthu, nsomba zili pathandala, aziyanika ndani? Potiperekeza analoza mbendera ija. "Mwendo uwo umandichititsa manyazi. Ndikachira ndidzaukonza."

Pobwerera tinafika pamalo osaya moti injini inazimitsidwa. Malume ndi amuna ena anapita kutsogolo kukakankha boti ndi nsungwi m'ngalande yopapatiza, udzu wautali wa njedza uku ndi uku. Ine ndinatsala kumbuyo, kuseri kwa matumba a nsomba zouma. Kunabwera mphepo, kenako mvula ya madontho akuluakulu. Kakowa anayamba kukwapulidwa, kukodwa m'njedza, ndipo ndinamva ulusi ukuti the! Ndinaimirira, ndinakulunga mbenderayo bwinobwino pansungwi yake, n'kuimanga ndi kansalu kofiira ka kumutu kwanga. M'kope, mmene muli banga la dontho mpaka lero, ndinalemba kuti: "Lero ndapulumutsa mbendera."

Tisanaone doko tinamva phokoso. Poyamba ndinkayesa mbalame za m'dambo. Titatuluka m'njedza ndinaona amayi ambiri, manja kumutu, akulira. Patsogolo pawo panali mayi anga. Munthu amene sanapondepo madzi chiyambire utsikana wake anali m'matope mpaka m'maondo, mpango utagwa, akuitana dzina la achemwali.

Malume anacheuka, anaona mbendera yokulunga pansungwi ija. Anadumpha pamwamba pa matumba, anadula kansalu kaja ndi mano, n'kutambasula mbendera ndi manja onse awiri. "Palibe maliro! Anthuni, palibe maliro!"

Apa m'pamene ndinadziwa chimene mwana aliyense wa padoko ankadziwa asanayambe n'kuyankhula komwe. Boti likanyamula mtembo, mbendera yake imakulungidwa ndi kumangidwa, kuti a kumtunda aone likadali kutali, ayambe kukonzeka. Ndipo aliyense ankadziwa kuti la kakowa likuchokera kwa mtsikana woyembekezera.

Anyamata anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi achikulire sanaseke. Ndinamva wina akuti, "Kumulirira munthu ali moyo! Misozi imeneyi ikamupeza komweko." Wina anangoti, "Malodza," n'kulavula. Mayi sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anatsuka miyendo yawo, kenako anati, "Sunadziwe," maso ali kwina. Kumjigo atsikana anzanga ndikafika ankasiya nkhani, ndipo kamwana kena kanandifunsa poyera ngati ndine wokulunga uja.

Lero ndine mayi wamkulu, ndinaphunzira mpaka Folomu 4, ndipo ndikudziwa kuti nsalu siipha munthu. Koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amene anthu akumuleka kumjigo sadziwa zimenezo. Usana uliwonse ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa doko kuyang'ana kuchilumba, n'kumapemphera pemphero limodzi: achemwali abwere akuyenda okha, anthu aone kuti sindinaitane kanthu.

Nyanja inkathawa tsiku ndi tsiku. Pamene dzulo panali madzi, lero panali matope ong'aluka, nsomba zakufa zikununkha, akakowa enieni ataima phee ngati akudikira uthenga. Kawiri konse malume ananyamuka kukatenga achemwali, ndipo kawiri konse boti linatitimira panjira n'kubwerera. Kachitatu anapita ndi amuna anayi okankha. Anakhalako masiku awiri.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, ndinaona kadontho kakuda m'ngalande. Ndinadikira mpaka maso kuwawa. Kenako mphepo inawomba, ndipo kakowa anatambasuka yense, woyera mbee. Ndinatsika chulu chija chothamanga, minga osaimva.

"Mayi, ikuuluka! Mbendera ikuuluka!"

"Waonetsetsa?"

"Ndaona ndi mwendo womwe!"

Mayi anaseka koyamba chichitikire zija. Anavala chitenje chatsopano, anatenga beseni la matewera, tinapita kudoko. Boti linaima patali chifukwa cha matope. Anayamba kutsika ndi mayi wina wa kuchilumba, atafungata kanthu m'nsalu. Kenako anatsika alamu, mwamuna wa achemwali, osayang'ana kumtunda. Kenako amuna anayi aja ananyamula mphasa yokulunga pamapewa.

Sindikumbukira kulira kwa tsiku limenelo. Ndimakumbukira beseni likugubuduka, ndi kamwana kakulira ndi mawu ang'ono ngati a mphaka. Achemwali matenda anawayamba masiku asanakwane, mwana anabadwa wamoyo, koma iwo magazi sanaleke, ndipo panalibe madzi okwanira kuwathamangitsira kuchipatala.

Ndimakumbukiranso ukali wa anthu. Eni maboti anawazungulira malume padoko pomwepo. "Munthu wamkulu ngati inu! Kubwera ndi maliro mbendera ili petupetu ngati mwanyamula akwati? Mlongo wanu mwamuvalitsa chitenje chatsopano!" Malume, amene sankaiwala ngakhale nkhuku ya munthu m'boti, anangoweramitsa mutu. "Ndinaiwala," anatero. Pamaliro ponse nkhani inali imeneyo. Kumjigo nkhani inali imeneyo. Mayi anakhala miyezi osawayankhula. Anthu ena anasiya kukwera la kakowa, ngakhale madzi atabwerera. Za mwana wokulunga uja panalibenso anazikumbuka.

Kamwana kaja tinakatenga ku Nkhulambe. Kanakulira kumsana kwanga, ndipo lero ndi namwino. Pa tsiku la ukwati wake, malume atamwalira kale, alamu anandiitanira pambali. Anati tsiku lija, ponyamuka kuchilumba, iwo anakulunga mbendera ndi manja awo monga mwa mwambo. Atatsala pang'ono kutuluka m'njedza, malume anapita kumbuyo n'kuimasula. Alamu atafuna kuletsa, malume anati, "Akalaliki ali pachulu. Akaiona yokulunga, aziti ndi iwo anaitana malirowa. Bola anthu azinena ine."

Kope lija ndikadali nalo. Patsamba la tsiku limenelo pali mizere iwiri yokha, yolembedwa mosamala, ndi dzanja la mwana amene mtima wake wapepukako pang'ono ndipo akuchita nazo manyazi: "Malume anaiwala kukulunga mbendera. Kani akuluakulu nawonso amalakwitsa."