Viza Yolowera Kamodzi

Lachitatu lapitali ndinaphunzira kuti pali chilolezo cholowera m'dziko muno chimene chimatha ntchito munthu akangotuluka, ngakhale atuluke kwa maola atatu okha.

Tadala, mwana wa achemwali anga, ndi namwino ku Ulaya. Mwezi uno wabwera kuno ku Namitete ndi mwamuna wake, Andreas, amene Chichewa chake chimathera pa "zikomo kwambiri". Azakhali anga, a Nachisale, anakwatiwa kalekale kumudzi wina kufupi ndi Chipata, ndipo miyendo ikuwavuta. Anatumiza mawu: "Mundibweretsere mkamwiniyo ndimuone maso anga asanachite khungu."

Tinakwera minibasi ya ku Mchinji m'mawa, poganiza kuti tikadya nkhomaliro kwa azakhali n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Pa boda ine anandilembera kachiphaso kodutsira, Tadala anamudindira pasipoti. Ya Andreas, mayi wa pa windo anaiyang'anitsitsa, kenako anaitana Tadala.

"Achemwali, viza ya amuna anuwa ndi yolowera kamodzi. Kutuluka atuluka, koma pobwera madzulo afunika ina yatsopano."

"Tikungopita pompa apa, kukaona agogo," anatero Tadala.

"Ndamva. Koma pepalali silidziwa zoti pompa."

Ndege yawo inali yonyamuka Loweruka ku Lilongwe. Nanga viza yatsopanoyo ikanachedwa, Andreas ali kutsidya?

Panja, bambo wina wa kabaza anandinong'oneza kuti amadziwa njira yodutsa m'minda. Ndisaname, ndinakopeka nazo. Ndili wamng'ono tinkadutsa momwemo popita kumaliro, osadziwa n'komwe pamene Malawi wathera. Tadala anakanitsitsa: "Amalume, ine viza yopitira kwawoko ndinaidikira miyezi. Akagwidwa awa, zatithera tonse."

Apa m'pamene ndinadabwa. Ine ndinkayesa kuti kuimitsidwa pa windo ndi kwa ife tokha, mzungu amangodutsa. Kodi inu mumadziwa kuti viza zili mitundumitundu, ina yolowera kamodzi, ina kangapo? Andreas mwiniwakeyo anasankha yake pa foni osaganizako, poti palibe anamuuza kuti theka la banja la mkazi wake lili ku Zambia. Tikanamuuza bwanji, ife tomwe sitikuwerenga ngati kunja?

Ndinaimbira msuweni wanga, mwana wa azakhali, kuti awabweretse pa boda. Itakwana cha m'ma thuu koloko, njinga yamoto inatulukira pang'onopang'ono, azakhali ali pakati pa woyendetsa ndi msuweni wangayo, atamangiriridwa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa. Anawalembera kachiphaso, n'kuwolokera mbali yathu.

Tinawakhazika pakhonde la golosale. Andreas anagwada monga tinamuphunzitsira. Azakhali anamugwira dzanja nthawi yaitali, kenako anati, "Eti munthu wamtali chonchi, wayenda nyanja zonsezo, n'kudzakanika kamsewu aka?" Tadala anaseka, misozi ili mbwe.

Mayi wa pa windo uja sindikumuda. Anatichenjeza tisanalakwitse, ndipo dziko liyenera kudziwa amene walowa ndi amene watuluka.

Koma pobwerera, tikudutsa mipando ndi matebulo amene akalipentala a pa Namitete amayala m'mbali mwa msewu, ndinaganiza za alendo odzaona malo amene amafika ku Chipata. Ena mwa iwo akanakonda kudzayenda kuno tsiku limodzi, kugula kanthu, n'kubwerera. Ngati ine andilembera kapepala kokacheza kwa azakhali, chavuta n'chiyani kuti mlendo naye akhale ndi kake ka tsiku limodzi?