Chipani cha Zitini

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti. Ndinali mwana wa pulayimale ku Lifuwu, nsapato ndinalibe, ndipo mpaka lero sindinapezenso udindo woposa umenewo.

Inali nthawi ija matipate atangofika kumene. Anthu amene anakhala zaka akuyankhula monong'ona anazindikira mwadzidzidzi kuti ali ndi pakamwa. Pamsika, pachigayo, ngakhale pamaliro, aliyense ankadziwa kayendetsedwe ka dziko, ndipo zipani zinkamera ngati bowa. Ndikunena izi kuti musatiweruze msanga. Aliyense akamakuwa, wodwala sadziwika.

Achemwali anga a Dorika anali ku koleji ku Zomba, oyamba pamtundu pathu kufika kumeneko. Mvula itayamba anabwera kunyumba pakati pa temu, ataonda, n'kugona pamphasa kuyang'ana khoma. Sankasamba, sankaseka, chambo chootcha ankangochiyang'ana mpaka chizizire. Kuchipatala cha pakoleji anawauza kuti ndi matenda okhumudwa, anawapatsa mapiritsi kuti akapume kwawo. Amayi ankauza anansi kuti ndi malungo. Anali malungo aulemu kwambiri, osatentha thupi.

Mpunga utayamba kucha, achemwali anadzuka. Tinathokoza Mulungu, nkhuku inafa. Tsiku lotsatira anasesa pabwalo pathu, anasesa pa aneba, ndipo tsache linapitirira kulowera kumsewu. Ankayankhula ngati woulutsa mpira pa wailesi. Tulo ankati ndi kutaya nthawi. Madiresi awo anagawira atsikana a kudoko. Bambo, amene anali mphunzitsi, anati umu ndi mmene ubongo wa munthu wophunzira umachitira ukapuma mokwanira.

Ntchito yanga nyengo imeneyo inali kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga wa amayi kusikimu. Ana tinkamanga zingwe kudutsa munda wonse, n'kupachikapo zitini zokhala ndi timiyala. Mpheta zikatsika, umakoka chingwe ndi kukuwa mpaka kukhosi kuwawe. Ndimakumbukirabe fungo la mpunga wakucha losakanikirana ndi la matope otentha, ndi misundu imene inkatimata m'miyendo mosapempha. Kumeneko ndi kumene achemwali anatipeza tsiku lina, anakwera pachulu, n'kulengeza kuti ife oingitsa mbalame ndi amene timadyetsa dziko lino, koma palibe wotiyankhulira. Chipani cha Zitini chinabadwa pomwepo.

Mfundo zake zinali zomveka. Mwana aliyense alandira legeni yaulere. Sukulu izitsekedwa mpunga ukacha. Njanji ichokera ku Chipoka kudutsa pamwamba pa nyanja mpaka kutsidya. Ine anandisankha kukhala wachiwiri chifukwa ndinkawanyamulira ambulera, ndipo anandisokera chivindikiro cha chitini pachifuwa pa shati. Akuluakulu odutsa ankaima, kumvetsera, n'kugwedeza mitu kuti mwanayu sukulu inamulowa. Msodzi wina anafunsa ngati nsalu za chipani zafika. Kunena zoona, poyerekeza ndi zimene tinkamva pamisonkhano ina, njanji yathu sinali yodabwitsa kwenikweni.

Zinthu zinavuta pamene achemwali ananena kuti ku koleji sabwereranso, pakuti pulezidenti alibe nthawi yolemba mayeso. Temu inali pafupi kutsegulidwa, ndipo a koleji anali atanena kuti sawalandira popanda dokotala kuwaona kaye. Akapanda kupita, malo awo atha. Achemwali anavomera ulendo wa kuchipatala cha paboma pongoti akayendere mmene odwala akusamalidwira, ndipo anakana kunyamuka popanda wachiwiri wawo.

M'matola, pakati pa madengu a usipa, amayi anatipatsa malamulo. Tikanene kuti kukhumudwa kunatha, basi. Za chipani aliyense atseke pakamwa. Amayi ankaopa chinthu chimodzi: kuti mwana wawo akamutsekera kuchipatala cha amisala, koleji n'kuthera pomwepo.

Dokotala anali bambo wamfupi, wotafuna cholembera. Anafunsa ngati achemwali akulirabe, ngati akudya, ngati maganizo ofuna kufa amawabwerera. Achemwali anati chibadwire sanakhalepo bwino chonchi. Amayi anayamba kumanga chitenje kuti tizipita.

"Dikirani kaye, mayi," anatero dokotala. "Ndafunsa zotsika. Tsopano ndifunse zokwera."

Anafunsa ngati pamakhala nthawi imene achemwali amasangalala mopitirira, osagona koma osatopa, kuyankhula kosalekeza, kugawa katundu, kukonza zinthu zikuluzikulu. Amayi anayankha kuti iyayi, ameneyu ndi mwana wofatsa. Mwana wofatsayo nthawi imeneyo anali atadzuka pampando, akuwongola makatani a dokotala.

Kenaka maso a dokotala anagwera pa chivindikiro changa. "Nanga bambo aang'onowa ndi ndani?"

Ndinaganiza mofulumira. Amayi analetsa kunena za chipani, inde, koma munthu waudindo akafunsidwa amadzidziwitsa. Ndinaimirira, manja m'mbali.

"Ndine wachiwiri kwa pulezidenti."

Pamene amayi ananditsina pantchafu pamandiwawabe kukachita mitambo. Koma dokotala sanaseke. Anatulutsa cholembera m'kamwa, n'kundifunsa mwaulemu ngati a pulezidenti amagona. Ndinati sindinawaonepo. Apa achemwali analanda nkhani, ndipo anafotokoza za njanji ya panyanja mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

Dokotala anauza amayi kuti matendawa ali ngati katungwe. Ku koleji anaona katungwe ali pansi, anapereka mankhwala omukankha, osafunsa ngati amakweranso. Mankhwala a kukhumudwa okhaokha, kwa munthu wotere, angathe kumuponya m'mwamba. Anafunsa ngati zoterezi zinachitikapo kale. Amayi anapinda nsonga ya chitenje. Kenaka anafotokoza za chaka cha Folomu 4, pamene achemwali ankawerenga osagona, akuyimba, akukonza aphunzitsi awo m'kalasi. Tonse tinkati ndi nzeru. Amayi ankanyadira nthawi imeneyo kuposa china chilichonse, ndipo ndinaona kuti kuipereka kwa dokotala kunawapweteka.

"Ndiye mwana wanga weniweni ndi uti, adokotala? Wogona uja kapena uyu?"

"Onse ndi anu, mayi. Koma amene mukumufuna ali pakatipa."

Anawagoneka masiku angapo pachipatala pomwepo, anawasinthira mankhwala. Temu imeneyo inawadutsa, koma dokotala analankhula ndi a koleji ndipo malo awo anawasungira. Chipani chinafa popanda maliro. Achemwali anakhala miyezi osandiyankhula bwino, akunditcha woukira boma. Mpheta nazo zinapezerapo mwayi pa chisokonezocho, zinadya mbali yabwino ya munda. Koma chaka chotsatira tinawaperekeza kukakwera basi, atanyamula sutikesi ndi thumba la mpunga, ndipo koleji anaimaliza. Lero ndi mphunzitsi wa sekondale, mapiritsi awo amamwabe, ndipo pabwalo amasesa pawo pokha.

Patapita zaka, inenso ndinapita ku koleji. Chaka chachiwiri zinandivuta, nanenso ndinayamba kuyang'ana khoma. Mayi wina wauphungu anandifunsa zotsika, kenaka anandifunsa zokwera, ngati kuti ndi funso wamba. Anatchulanso dzina la matenda a achemwali aja, baipola, dzina limene ku Lifuwu sitinkalidziwa. Ndinamuuza kuti ndinakwerapo kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo unali udindo wochita kusankhidwa. Anandipima mokwanira, anapeza kuti katungwe wanga ndi wambali imodzi, ndinalandira thandizo, ndinachira. Masamu okha ndi amene analibe mapiritsi. Choncho ndinasiya koleji ndili bwinobwino, zimene si aliyense anganene.

Zinthu zasintha. Ana a masiku ano amatchula matenda a maganizo pagulu osatsitsa mawu, ngakhale alipobe makolo amene amawatcha malungo. Funso lachiwiri lija, limene linafunika chivindikiro cha chitini kuti liyankhidwe, ena tsopano amalifunsa poyambirira. Kwathu linasanduka moni. Ndikawaimbira foni achemwali ndimafunsa kuti chipani chili bwanji. Akaseka n'kunena kuti chikadali patchuthi, timacheza za ana ndi mtengo wa feteleza. Chaka china anayankha kuti akuganiza zoitanitsa msonkhano waukulu, ndipo ndinamva kuti akuyankhula mofulumira. Ndinakwera minibasi tsiku lomwelo, m'mawa mwake tinali kwa dokotala.

Tili pabenchi achemwali anandiyang'ana mokwiya, n'kufunsa kuti anandipatsa ndani mphamvu zimenezi. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti chipani chinatha, inde, koma ine sanandichotsepo paudindo.