Pepala la Mutu wa Yohane

Uthenga unandipeza Lachiwiri pamsika wa Nsanama, ndikuyeza nandolo m'chitini. Foni inalira m'chitenje, ndiyankha, mawu awiri. Awiri, anthu inu, m'foni imodzi.

"Agogo, ndine Tamanda."

"Ndi ine Chifundo, agogo. Tili limodzi pa Balaka, tikudikira basi."

Chitini chinagwa, nandolo anamwazika, mbuzi zinadya. Zidye, nazonso zikondwere.

Mundimvetse. Awiriwa ndi adzukulu anga, pachisuweni. Tamanda anaphunzira masamu, amakhala pakompyuta kuwerengera mmene ubongo umayendera. Akuti m'mutumu muli timagetsi toyimba ngati kwaya, tikasokoneza nyimbo munthu amagwa. Chifundo ali kuchipatala, amamata timawaya pamitu ya odwala, makina n'kumalemba mizere yokhotakhota papepala.

Onsewa anawatengera kumeneko ndi munthu mmodzi, mwana wanga wotsiriza Yohane. Amagwa khunyu kuyambira ali wamng'ono, ndipo dzanja lake lili ndi chipsera cha moto.

Ndiye mukuti ankagwirizana? Iyayi.

Pa Khrisimasi ina Chifundo anati, "Iwe msuweni, unagwirapo mutu wa munthu? Ubongo wakowo ndi wa papepala."

Tamanda anati, "Iwe umangomata mawaya ngati wokonza wailesi. Mizere ija umaimva zimene ikunena?"

Mpunga unazizira m'mbale. Anapita, aliyense njira yake, moni anatha.

Kenaka kunamveka zoti sukulu ina yakunja ikuitana anthu a masamu ndi anthu a makina, akhale pamodzi mwezi wathunthu kuphunzira za ubongo. Koma abwere awiriawiri, wowerengera ndi woyeza. Tamanda analibe mizere. Chifundo analibe masamu. Aliyense anati bola mwayi upite.

Yohane sanakangane ndi munthu. Anatenga pepala la mizere ya mutu wake, la tsiku limene anamuyeza Chifundo, nakwera minibasi yekha, mankhwala ali m'thumba. Anakaliyala patebulo pa Tamanda.

"Mutu ndi wanga uwu, si wa inu awiri. Werengera."

Tamanda anawerengera masiku atatu, naloza pamene mizere imayamba kusintha. Koma thupi limatani pamenepo, sankadziwa. Anamuimbira foni msuweni wake. Chifundo anati, "Pamenepo ndi pamene bambo aang'ono amayamba kunyambita milomo." Wina waona m'manambala, wina waona ndi maso, malo ake amodzimodzi. Sukulu ija inawatenga onse awiri, basi ya pa Balaka ija inali ya ulendo umenewo.

Ine sukulu ndinalekera sitandade 2, izi akundilembera ndi a Esinati oyandikana nawo nyumba. Koma matenda a awiriwa ndimawadziwa, ali ponseponse. Mlangizi amanyoza mlimi kuti sadziwa kuwerenga, mlimi amaseka mlangizi kuti manja ake ndi osalala, chimanga n'kumafota pakati pawo. Ku nyanja ya Chiuta malemu amuna anga ankadziwa mphepo poyang'ana mitambo, achimwene awo ankadziwa kupalasa. Tsiku limene akwiyirana, tinkadyera masamba a nyemba. Chala chimodzi chinaswapo nsabwe liti?

Sananene kuti Yohane achira, iyayi, bodza sindiyimba. Ati mwina tsiku lina munthu azidzadziwiratu kuti kugwa kukubwera, achoke pamoto, akhale pansi. Kwa ine zakwana, zakwana, zakwanira.

Inu amene mukuwerenga, mnzanu uja munasiya kumupatsa moni chifukwa ntchito yake mumaiona yopepuka, pakati panu pakhala ndani akudikira?

Madzulo a tsiku la foni lija pabwalo panga panadzaza. Anabwera a Esinati ndi cholembera chawo, a Mariamu ndi thobwa, a che Saidi a panjinga, a Nasibeko ndi mwana kumbuyo, a Filipo a katekisi, a Bibi Asiyatu ondithandiza kutola nandolo. Anabwera ana anga, Lusiya mayi wa Tamanda ndi Petulo bambo wa Chifundo, nakhala pamphasa imodzi.

Ndipo pang'oma panali Yohane, ndi dzanja lomwe lija.