Bowo Limodzi pa Tepi ya Karai Fulgencio

A Fulgencio Irala, amene tinkawatcha Karai, kutanthauza bambo, anali munthu woti mukanawadutsa pamsika wa ku Asunción osawaona. Aafupi, a dazi, malaya oyera opinda mpaka m'zigongono, botolo la madzi ozizira a tereré, tiyi wa kwathu womwa wozizira, kukhwapa. Anabadwira kumudzi kwa alimi a fodya, ndipo za lamya anaziphunzira ali msilikali wachinyamata. Atavula yunifolomu sanapite patali. Asilikali omwewo anawalemba ntchito ngati munthu wamba m'chipinda chawo cha mauthenga achinsinsi, ndipo tsitsi lawo lonse linathothokera m'menemo.

Ine, Delfina, ndinkakhala patebulo loyandikana ndi lawo. Ntchito yanga inali kutayipa mauthenga a akuluakulu pa makina amene ankasandutsa mawu kukhala timabowo pa tepi ya pepala. Ndikatha, a Fulgencio ankaika tepiyo m'makina otumizira pamodzi ndi tepi ina imene tinkaitcha kiyi. Mabowo a pa kiyi anali osokonekera, opanda tanthauzo, ndipo ikayenda limodzi ndi uthenga, zopita pa waya zinkakhala phala lokhalokha, loti mdani akanamvetsera mpaka makutu kuwawa osatolapo kanthu. Kiyi iliyonse inali ndi inzake yofanana nayo ndendende, imene inkakhala kwa wolandira. Ziwirizo zikayenda mogwirizana, phala lija linkabwerera kukhala mawu. Koma imodzi ikangotsogola ndi bowo limodzi lokha, wolandira ankapeza zinyalala kuyambira pamenepo mpaka kumapeto.

Lamulo lake linali louma. Kiyi ikadutsa m'makina ndiye kuti yatha, siibwezedwa m'mbuyo, imakaotchedwa. Uthenga ukawonongeka unkatumizidwanso pa kiyi yatsopano, ndipo wolakwa ankakaonekera kwa a Meja, munthu amene ankatsekera anthu m'chitokosi chifukwa cha batani lomasuka.

Waya wa a Fulgencio unkathera ku linga la asilikali kumtunda kwa mtsinje, ku Chaco, kumene udzudzu umaluma ngakhale dzuwa lili pamutu. Wolandira kumeneko anali a Hermógenes Cáceres. Anthu awiriwa sanaonanepo maso ndi maso, koma ankadziwana kuposa ana a mimba imodzi. M'mawa uliwonse, asanaike kiyi, ankayesa waya ndi mawu osabisa, ndipo moni wawo sunali wa m'buku.

"Wadzuka, mkulu wadazi? Ine ndaima pa chizindikiro chimene tinasiyira dzulo. Uli pomwepo, kapena unagonanso pa makina?"

"Ndili pompo, iwe chakudya cha udzudzu. Tiye."

Nyengo ya mvula pepala limafufuma, ndipo makina a a Fulgencio, amene anali okalamba, nthawi zina ankalumpha bowo. Zikatero a Hermógenes sankanena kwa akuluakulu. Ankatseka chitseko, n'kubweza kiyi yawo m'mbuyo, n'kuisuntha bowo limodzi, n'kuyendetsanso zinyalala zimene alandira zija mpaka mawu atatuluka. Zinali zoletsedwa, ndipo akanagwidwa akanaona zakuda, koma ankatero kuti mnzawo asakagone m'chitokosi. Akatha ankangotumiza kuti, "Kwanuko kwanyowa. Ndakonza." A Fulgencio ankaseka chamumtima n'kundipatsira tereré.

Mwana anali ndi mmodzi yekha, Lisandro. Anabadwa a Fulgencio ndi akazi awo Ña Petrona, kutanthauza Mayi Petrona, asanadalitse ukwati wawo kutchalitchi, choncho analembedwa m'dzina la kwa mayi ake, Lisandro Ocampos. Ine ndi amene ndinamunyamula pa ubatizo. Anakula wamakani ndi woseka kwambiri, ndipo atakhala mphunzitsi anapita kumidzi kukaphunzitsa alimi a thonje kuwerenga ndi kugulitsa thonje lawo pamodzi. Masiku amenewo zimenezo zinali zokwanira kuti munthu amutche mdani wa dziko. Anamugwira ali m'kalasi, choko chili m'manja.

Panapita nthawi tisakudziwa kumene ali, mpaka wansembe wina anadzanong'oneza Ña Petrona kuti mwanayo ali moyo, ali ku linga lomwe lija la ku Chaco, m'nyumba ya akaidi imene inali m'mbali mwa mtsinje. Kuntchito kwathu kunalibe wodziwa kuti Ocampos ameneyo ndi mwana wa Irala, kupatula ine. Akanadziwa, a Fulgencio akanachotsedwa tsiku lomwelo, mwinanso kutsatira mwana wawo. Ngakhale a Hermógenes sanauzidwe, poti mawu osabisa aliyense akanatha kuwawerenga. Bambo uja ankapereka moni wa nthabwala m'mawa uliwonse kwa munthu wokhala pafupi ndi mwana wake, osatha kufunsa ngakhale kuti, kodi akudya?

Kenaka kunamveka kuti a bishopu aloledwa kukwera sitima ya pamtsinje kukaona akaidi a ku lingalo. Tonse tinkadziwa kuti mkaidi amene a bishopu amuona ndi maso, namugwira chanza, savuta kumuteteza, poti boma silingathenso kunena kuti munthu wotero kulibe. Ña Petrona anayambanso kudya. Sitima yomweyo inali yoti inyamulenso bokosi la makiyi atsopano, chifukwa kiyi ya ku linga inali itatsala pang'ono kutha.

Tsiku loti sitima inyamuka mawa lake, kunacha ndi mvula yowaza, ndipo masana kunatentha koti malaya ankamatirira pamsana. A Meja analowa ndi pepala m'manja, naliponya patebulo panga.

"Ña Delfina, ichi chipite tsopano lino. Irala, usandichedwetsere."

"Chabwino, bwana," anayankha a Fulgencio ataimirira.

A Meja anatuluka kukapuma, ndipo pakhomo panatsala msilikali wolondera amene ankasinza ndi mfuti pamwendo. Ndinawerenga pepalalo. Pambuyo pa mawu ambirimbiri a mafuta ndi chakudya panali mzere wakuti akaidi onse a m'nyumba ya kumtsinje asamutsidwe sitima isanafike. M'chipinda chimene chija munalibe mwana woti n'kufunsa kuti asamutsidwira kuti. Osamutsidwa ankakwezedwa galimoto kulowa m'tchire, ndipo galimotoyo inkabwera yopanda anthu.

Ndinawapatsa a Fulgencio pepalalo. Anawerenga mpaka pansi, nabwereranso pamwamba. Kenaka anatsegula makina, nayang'ana kiyi imene inatsala, naiyeza ndi chikhatho monga amayezera nsalu.

"Amake a ubatizo," anatero motsitsa mawu, poti ndi mmene ankandiitanira tikakhala awiri, "kiyi iyi ikwana uthenga uno kamodzi kokha."

"Ndiye?"

"Ukawonongeka, palibe pobwerezera. Lamulo lotere sangalitumize osabisa. Adikira makiyi atsopano."

"Ndipo makiyiwo ali m'sitima ya a bishopu," ndinatero.

"Tayipani. Musalakwitse chilembo ngakhale chimodzi, cholakwa chisakhale chanu."

Ndinatayipa. Iwo analandira tepi yanga, naiika m'malo mwake, naika kiyi pa chizindikiro chimene anagwirizana ndi a Hermógenes. Kenaka, ndi chala chachikulu, anaikankha pang'ono kutsogolo. Bowo limodzi.

"Kokani yambiri," ndinanong'oneza. "Kokani mkono wonse!"

"Ayi. Ikalumpha yambiri, ngakhale mwana adziwa kuti ndi dala, ndipo a Meja atumiza ndege. Ife awiri atipachika. Bowo limodzi ndi chinyontho. Taonani kunjaku."

Ankanena zoona, ndipo mpaka lero zoonazo zimandipsetsa mtima. Munthu uja anali atasamala tepi moyo wake wonse. Ngakhale pofuna kuwononga, anawononga mwaukhondo, monga mmene makina ake akanalakwira okha.

Anasindikiza batani. Makina anayamba phokoso lawo, matepi awiri akuyenda, mpaka mchira wa kiyi unatuluka n'kugwera m'dengu. Tsopano tinkangodikira belu la pa makina, limene wolandira ankaliza akafuna kulankhula nafe, ndi mawu oti uthenga wawonongeka ndipo kiyi yatha.

Anathira madzi mu tereré, nayamwa, nathiranso n'kundipatsa. Nkhope yawo inali itamasuka koyamba chigwidwire mwana.

"Chitokosi ndikagonamo," anatero. "Mukauze mayi a Lisandro kuti ndapita kumudzi kukaona odwala."

"Ndi mafupa anuwo? Mukatuluka atakunyamulani pamachira."

"Bola atandinyamula Lisandro."

Belu linachedwa. Uthenga ukawonongeka, wolandira amadziwa nthawi yomweyo, ndipo amaliza belu tepi isanathe n'komwe. Koma makina anangokhala chete, mvula ikudontha padenga, mlonda akuliza mkonono. Ndinaona a Fulgencio akuyang'ana wotchi, kenaka makina, ndipo pang'onopang'ono dzanja lawo linatsitsa kapu patebulo. Anali atakumbukira chimene tonse awiri tinachiiwala chifukwa cha mantha: chizolowezi cha a Hermógenes chokonza bowo lolumpha.

"Mulembereni," ndinatero. "Muuzeni asiye!"

"Ndilembe chiyani? Ngati mkulu wa linga waima kumbuyo kwake?"

Anaika zala pa makina, nazichotsa. Anaziikanso. Asanasindikize chilembo, belu linalira, ndipo pepala linayamba kutuluka.

"Kwanuko kwanyowa, mkulu wadazi. Lero unatsala pang'ono kundiphetsa, kiyi inali yomaliza. Ndakonza. Wafika wonse kwa bwana. Mtima ukhale m'malo."

Sindinaonepo munthu akukalamba nthawi imodzi ngati mmene ndinaonera masana amenewo. Sanalire, sanafuule. Anangogwira m'mphepete mwa tebulo. Belu linaliranso, poti a Hermógenes ankadikira yankho, ndipo mlonda anadzidzimuka n'kusuzumira m'chipindamo.

"Karai, makina anu akuitana."

"Ndamva, mwana wanga."

Anatayipa ndi chala chimodzi, iwo amene ankatayipa osayang'ana. "Zikomo, m'bale."

Ine ndinathawira kuchimbudzi n'kukaluma mpango kuti ndisamveke. Ndinatukwana a Meja, ndinatukwana makina, ndinatukwananso a Hermógenes, ngakhale ndinkadziwa kuti munthuyo anaika khosi lake pachiswe chifukwa cha chikondi. Lamulo losamutsa akaidi lija analiwerenga, inde, ndipo ankadziwa tanthauzo lake monga tinkadziwira tonse amene tinkadya malipiro a m'nyumba imeneyo. Kwa iwo akaidiwo anali anthu opanda nkhope, pamene mkulu wadazi anali m'bale.

A bishopu atafika ku linga anapeza nyumba ya kumtsinje yosesedwa bwino, yopanda munthu. Anauzidwa kuti akaidiwo anathawira m'tchire. Lisandro sanapezeke, ngakhale fupa lake. A Fulgencio anagwirabe ntchito mpaka kupuma, poti kusiya mwadzidzidzi kukanadzutsa mafunso, ndipo m'mawa uliwonse ankayankha moni wa a Hermógenes, ngakhale nthabwala zinawathera. A Hermógenes ankaganiza kuti ndi ukalamba. Anamwalira kwawo ku Chaco komweko osadziwa kanthu. A Fulgencio anawatsatira patapita zaka zochepa, atadwala chifuwa, ndipo pamaliro pawo tinalipo anthu owerengeka.

Koma chimene chimandibwerera ine si malirowo ayi. Ndi m'mawa wotsatira tsiku lija, padoko, sitima ya a bishopu ikukonzeka kunyamuka. Panali amayi ambiri ndi mitolo yopita kwa ana awo. Ña Petrona anali atavala diresi lawo la kutchalitchi, ndipo anabwera ndi dengu lalikulu la chipa, timikate ta ufa wa chinangwa, lofunditsidwa nsalu yoyera. A Fulgencio anali asanawauze. Anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinadziwa kuti nanenso ndiyenera kutseka pakamwa.

"Bambo a Lisandro, nyamulani bwino, chipa chingaphwanyike," anatero Ña Petrona. "Ndaphika chambiri kuti agawireko anzake, mukumudziwa mwana wanu, sadya yekha. Ndaikamonso juzi. Inu a Delfina, mwatupa maso bwanji? Lero si tsiku lolira."

"Ndi chimfine, amayi."

A Fulgencio ananyamula dengulo ndi manja awiri, nadutsa nalo pakati pa anthu mpaka pa thabwa lokwerera sitima, pamene panaima wansembe amene ankalandira katundu wa akaidi. Ña Petrona anali pambuyo pawo, atawagwira malaya.

"Ndi la ndani ili?" anafunsa wansembeyo.

"Lisandro Ocampos, mphunzitsi," anayankha Ña Petrona. "Wamtali, ali ndi mpata kumano. Simungamusowe, ndi amene adzakhale akulongolola."

Wansembe anamwetulira, natembenukira kwa a Fulgencio. "Nanga inu, Karai, ndikamuuze chiyani?"

A Fulgencio anangoyang'ana dengulo. Ña Petrona anawakankha pang'ono ndi chigongono, naseka, nasendera kufupi ndi khutu la wansembe.

"Awa ndi amanyazi, Bambo. Mukangomuuza kuti asaope. Bambo ake amagwira ntchito pafupi ndi akuluakulu, ndipo sangalole kuti chinthu chimuchitikire."

Wansembe anagwedeza mutu, natambasula manja kuti alandire dengulo. Anachita kulikoka, chifukwa a Fulgencio sankalisiya.